Feteleza wa boma, wogula nokha, ngongole kapena manyowa: mudalira chiyani dzinja lino?

Chaka chilichonse Okutobala akamayandikira, nduna ya zaulimi imabwera pa wailesi kudzateteza ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Kaya m'boma muli chipani chiti, mawu amafanana: feteleza wafika kapena ali m'njira kuchokera ku Beira ndi ku Nacala, palibe amene adzasalidwe chifukwa cha chigawo, mtundu kapena chipani, ndondomekoyi ndi ya Amalawi onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Amaiika patsogolo ngati umboni wa umodzi wa dziko lathu.

Boma lili ndi poyambira. Njala ya 2005 itatipweteka, a Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi a FISP ngakhale kuti mayiko ena otithandiza sanakondwe nazo, ndipo pofika 2007 Malawi ankagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2020, ndondomeko ya AIP, yolowa m'malo mwa FISP, itayamba mu ulamuliro wa a Lazarus Chakwera, mabanja oposa 3 miliyoni anagula thumba pa K4,495, mvula n'kugwa bwino, dziko n'kukolola matani oposa 4 miliyoni. Ine sindili m'gulu la amene amati sabuside n'kutaya ndalama chabe. Nkhokwe ya amayi anga ndinaiona itadzaza chaka chimenecho.

Koma taonani m'mene chiwerengero chinayendera. Mu 2022 opindula anatsika kufika pa 2.5 miliyoni, mu 2023 pa 1.5 miliyoni, mu 2024 pafupifupi 1.1 miliyoni, thumba lili pa K15,000. Boma linkafotokoza kuti amene ali ndi mphamvu apite ku ngongole ndi ku minda ikuluikulu, ovutikitsitsa alandire Mtukula Pakhomo. Kaya mukugwirizana nazo kapena ayi, alimi ang'onoang'ono ambiri m'dziko muno mayina awo satuluka. Ndalemba izi poganizira inu amene muyenera kusankha mvula isanagwe, komanso inu a m'tauni ndi a ku Joni amene mumatumiza ndalama kumudzi n'kumadzifunsa kuti zikagule chiyani.

Zimene tiyang'ane

Tiyeza ndi ekala imodzi ya chimanga, imene pa ulangizi wa masiku onse imafuna thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa, lililonse la makilogalamu 50. Njira iliyonse tiifunsa mafunso anayi.

Loyamba ndi mtengo, kutanthauza zonse zimene zituluke m'thumba mwanu mpaka chimanga chilowe m'nyumba. Lachiwiri ndi kapezekedwe: kodi chinthucho chilipo kwanuko, ndipo chifika pa nthawi yake? Kwa ine ili ndiye funso lalikulu. Wokulitsa amafunika chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi, chikamafika m'mawondo. Feteleza wofika chimanga chitamasula ngayaye ndi wa chaka chamawa. Lachitatu ndi ntchito yake, thukuta ndi masiku amene njirayo idzakudyereni. Lachinayi ndi chiopsezo: zikavuta amaluza ndani, ndipo amaluza chiyani? Pamenepa ndiwerengeranso ubale wa pamudzi, chifukwa umodzi umene amaunena pa wailesi umayesedwa pabwalo la amfumu tsiku lowerenga mayina.

Feteleza wa boma

Mtengo. Palibe njira ina imene ingapikisane nayo. Mlimi amalipira kachigawo kochepa, zotsalazo n'za boma. Komabe onjezani kabaza wopita kudepoti maulendo angapo, chakudya cha kumeneko, ndi masiku amene munda wakhala osapaliridwa. Kwina amapemphanso kangachepe kuti mudutse pamzere. Umenewo ndi mlandu, ndipo musapereke.

Kapezekedwe. Dzina lakhala likusintha, Starter Pack mu 1998, kenako TIP, FISP, AIP, koma vuto la kuchedwa limabwererabe. Feteleza timagula kunja ndi madola, ndipo madola akasowa, katundu amachedwa padoko. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2022 momwemo, ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ina ya ku Britain yogulitsa nyama kuti ibweretse feteleza, nduna ya zaulimi n'kuchotsedwa pa udindo. Dzinja limenelo alimi ambiri analandira mochedwa, ena thumba limodzi lokha.

Chaka china amayi anga anagona masiku awiri pakhonde la depoti ina, chitupa cha unzika atachimangirira pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Tsiku loyamba netiweki kunalibe. Tsiku lachiwiri kunali wobereketsa yekha. Anabwerera ndi thumba limodzi panjinga ya mdzukulu wawo, wokulitsa n'kudzamupeza mu Januwale chimanga chitachita kale chikasu. Chimene chinandipweteka n'chakuti mu Julayi ndalama ya thumba limodzi tinali nayo, koma tinati tidikire wa boma.

Ntchito yake. Chitupa chanu chikhale chogwira ntchito, dzina lifanane ndi limene linalembedwa, ndipo ndalama yolipira ikhale pambali kuyambira Seputembala. Ambiri amagwera pamenepa. Dzina latuluka, ndalama palibe, venda waima panja pa depoti ndalama zili m'manja. Ndalama ya vendayo imatha sabata isanathe, munda n'kukhala wopanda kanthu.

Chiopsezo. Choyamba ndi kudikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: dzina lanu likhoza kutuluka chaka chino, chaka chamawa osatuluka. Chachiwiri sichilembedwa m'malipoti. Taganizani za mudzi wa mabanja 60 umene mwatuluka mayina 10. Nthawi zambiri amfumu amalamula kuti olandirawo agawane ndi anzawo, thumba limodzi n'kugawidwa m'ndowa. Ndi chifundo, ndipo ndimachilemekeza, koma ndowa imodzi yomwazidwa pa ekala yonse sibereketsa chimanga. Kumene sagawana, anthu amasiya kupatsana moni, ndipo tsiku loumba njerwa za sukulu mumamva kuti akaumbe amene analandira. Boma likhoza kugawa molungama pakati pa zigawo zitatu, koma ngati mayina achepa, mkangano umangosamukira pakati pa abale a bere limodzi.

Kugula nokha pa kashi

Mtengo. Ndi wowawa. Thumba limene mu 2020 linali pafupifupi K20,000, pofika 2025 linali litadutsa K100,000, chifukwa cha nkhondo ya Russia ndi Ukraine imene inayamba mu 2022 komanso kugwa kwa kwacha. Musanagule, werengani kuti thumba limodzi la feteleza likudya matumba angati a chimanga. Werengani pa mtengo wa mu Meyi ndi Juni, pamene aliyense akugulitsa, chifukwa mtengo wokwera wa mu Febuluwale alimi ochepa okha ndi amene amaufikira chimanga chikadali m'nyumba.

Kapezekedwe. Ubwino wake wagona apa, chifukwa tsiku mumasankha nokha. Amapezeka m'madepoti a SFFRFM, bungwe la boma logulitsa feteleza, m'masitolo akuluakulu a zaulimi ndi kwa ogulitsa ovomerezeka a pamisika. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti, mukangogulitsa soya, mtedza kapena fodya. Mu Novembala mitengo imakwera, ndipo mtundu umene mukufuna ukhoza kusowa.

Ntchito yake. Sungani pamatabwa, kutali ndi khoma la chinyezi, chifukwa wobereketsa amayamwa madzi n'kuundana. Pali ubwino wina umene anthu saunena: thumba la feteleza lili kuchipinda silithera pa maliro ndi pa fizi msanga ngati ndalama ya pafoni.

Chiopsezo. Feteleza wosakaniza ndi mchenga alipo, makamaka wa mavenda wogulitsa pambale. Yang'anani msoko wa thumba, liikeni pasikelo, tengani lisiti. Chinanso ndi mvula. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ya kummwera, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya ng'amba. Zikatero ndalama yanu yapita, koma palibe amene adzabwere kudzazula malata.

Ngati mwakwanitsa zochepa, musazimwaze munda wonse. Thirani mokwanira pa theka la ekala, mubzale mwa Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, ndipo mupalire msanga. Theka lotsalalo tikambirana pansipa.

Ngongole

Akuluakulu amakumbukira makalabu a alimi a nthawi ya a Kamuzu, pamene feteleza ankabwera pa ngongole ndipo wolephera kubweza ankalandidwa katundu. Ndondomekoyo inagwa pambuyo pa chilala cha 1992, ndale za zipani zambiri zitalowamo, anthu n'kuyamba kuona ngongole ya boma ngati mphatso. Maganizo amenewo sanathe, ndipo amabwerera chisankho chikayandikira. Musawamvere. Ngongole imakhala m'buku ngakhale boma litasintha.

Mtengo. Umatengera kumene mwakongola. M'zaka za 2023 ndi 2024 boma linkapereka feteleza pa ngongole kudzera ku NEEF, bungwe lake lokongoza ndalama. Bungwe la One Acre Fund limapereka mbewu ndi feteleza, mlimi n'kumabweza pang'onopang'ono atayamba wapereka kachigawo koyamba. Banki m'khonde ndi yapafupi, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi. Ngati gulu lanu limatenga K20 pa K100 iliyonse pamwezi, mukakongola mu Disembala n'kubweza mu Meyi, mwabweza kawiri. Ngongole yotere ndi ya geni yozungulira msanga ngati ya tomato ndi mandasi, chimanga sichingaikwanitse. Za katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Banki m'khonde imathandiza mwa njira ina: masheya anu. Magulu ambiri amagawana mu Novembala kapena Disembala, feteleza atakwera kale ndipo Khirisimasi ili pakhomo. Kambiranani m'gulu kuti muzigawana mu Ogasiti, mukagulire limodzi ndi kulipira galimoto imodzi.

Kapezekedwe. Ya boma imafuna gulu, mafomu ndi kudikira, ndipo nayonso imachedwa. Ya mabungwe imafika m'maboma ena okha. Musanasaine, funsani tsiku limene katundu afike, mtengo umene akuwerengera thumba, ndi ndalama yonse imene mudzabweze.

Ntchito yake. Misonkhano ya gulu, kubweza pa masiku ake, ndi kusunga lisiti lililonse.

Chiopsezo. Walira mvula walira matope. Ngongole zambiri ndi za pagulu, mnzanu akalephera mumamulipirira, ndipo maubale ambiri athera pamenepa. Mvula ikadula, ngongole siidula. Funsani ngati muli inshuwalansi ya mbewu, ndipo akuuzeni momveka zimene imalipira. Kumbukiraninso kuti chimanga chodya sichibweza ngongole. Ngati mulibe mbewu yogulitsa, dimba kapena ziweto, mudzagulitsa chakudya chomwecho mu Juni pa mtengo wotsika, n'kudzachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera.

Ulimi wa kontirakiti

Iyi si ya aliyense, ndiye ndidutsapo msanga.

Mtengo. Simulipira poyamba. Kampani imadula zonse pa tsiku logulitsa, ndipo ndi pomwe ambiri amadabwa.

Kapezekedwe. Makamaka kwa alimi a fodya a ku Kasungu, Dowa, Mchinji, Lilongwe, Mzimba ndi Rumphi. Kuyambira 2012 fodya wambiri amagulitsidwa kudzera m'makontirakiti ndi makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Zipangizo nthawi zambiri zimafika msanga kuposa za boma, ndipo makampani ena amaonjezerapo za chimanga.

Ntchito yake. Ndi yaikulu: nazale, chigafa, kusankha ndi kudinda, pafupifupi chaka chonse. Kugwiritsa ana ntchito n'koletsedwa, ndipo nkhani imeneyi inachititsa kuti mu 2019 dziko la America liyambe kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake.

Chiopsezo. Amene anakukongozani ndi yemwenso akugula, ndipo kugulitsa kwina n'kuphwanya pangano. Wina amene amadziwa kuwerenga bwino akuwerengereni mndandanda wa zodulidwa musanadinde chala.

Manyowa ndi Mbeya

Njira iyi ndimaikonda, n'chifukwa chake ndikufuna kunena zoona zake zonse.

Mtengo. Manyowa a m'khola, a m'dzenje, a Chimato ndi a Changu safuna ndalama ngati muli ndi mapesi, udzu, ndowe ndi madzi. Mbeya, amene ndi manyowa osakaniza ndi feteleza wa kusitolo, amafuna feteleza pang'ono. Kasakanizidwe kamasiyana malinga ndi mlangizi, koma kodziwika kwambiri ndi makilogalamu 10 a feteleza, pamodzi ndi ndowe kapena zitosi zouma zopunthidwa, madeya ndi phulusa mpaka kukwana makilogalamu 50, kuwaza madzi pang'ono, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Motero thumba limodzi la kusitolo limatulutsa matumba asanu. Koma madeya sali aulere. Ankhumba amawafuna, ndipo chaka cha njala anthu amadya omwewo.

Kapezekedwe. Zili pakhomo panu, palibe mzere, palibe netiweki. Vuto lili kwa amene alibe ziweto, chifukwa ndowe masiku ano zikugulitsidwa. M'maboma othinana ngati Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, mapesi amalimbirananso ndi nkhuni.

Ntchito yake. Apa ndiye pali thukuta. Mulu wa manyowa umafuna miyezi iwiri kapena itatu kuti upse, ndiye muyambe mu Meyi kapena Juni mukangokolola, anyamata osaka mbewa asanatenthe munda. Pafunika kutunga madzi m'chilimwe, kutembenuza, kenako kututa ndi ngolo kapena pamutu. Kwa agogo okhala okha, iyi ndi ntchito yosatheka popanda wowathandiza. Tsiku limene tinamasula matumba a Mbeya kwa amayi anga, mkati munali mofunda, mtundu wasanduka wakuda, fungo likulasa m'mphuno mpaka misozi. Tinayanika pamthunzi tisanakathire.

Chiopsezo. Fungo lolasalo ndi chakudya cha mbewu chimene chikuthawa, chifukwa phulusa likakumana ndi wobereketsa limatulutsa mpweya wa amoniya, umene umathawa ndi nayitirojeni. N'chifukwa chake thumba liyenera kumangidwa zolimba, ndipo pothira mukwirire. Chinanso, musanamizidwe kuti matumba asanu a Mbeya ndi ofanana ndi matumba asanu a kusitolo. Mphamvu ya feteleza m'menemo ndi ya thumba limodzi lija, kuonjezapo ya ndowe, madeya ndi phulusa. Paphando muyenera kuthira wambiri kuposa m'mene mumathirira wa kusitolo. Manyowa osapsa amaotcha mbewu, amabweretsa udzu ndi chiswe. Ndipo pa nthaka yoguga, chaka choyamba sichisangalatsa.

Phindu lake limadza m'chaka chachiwiri ndi chachitatu. Nthaka imafewa, imasunga chinyezi ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, kaufiti amachepa, ndipo feteleza wochepa amene mwathira amagwira ntchito kuposa pa dothi louma ngati phale. Palibe njira ina pa zonsezi imene imasiya munda uli bwino kuposa m'mene inaupezera, kupatula yotsatirayi.

Soya, mtedza ndi nandolo m'malo mwa chimanga china

Mtengo. Mbewu, ndi kapaketi ka inokulanti, tizilombo tothandiza mizu topaka ku mbewu pobzala, ngati ndi soya. Feteleza wobereketsa safunika, chifukwa mbewu zimenezi zimadzipangira chakudya m'timatuza ta kumizu.

Kapezekedwe. Mitundu monga soya wa Tikolore, mtedza wa CG7 ndi nandolo wa Mwaiwathualimi imapezeka kwa ogulitsa mbewu ndi m'makalabu, ndipo mukhoza kusunga mbewu yanu kwa zaka zingapo. Soya ndi mtedza zimachita bwino kuchigawo chapakati, nandolo kummwera.

Ntchito yake. Kubzala mizere iwiri pamzere umodzi, kupalira msanga, kukolola soya asanayambe kuthetheka, kuumitsa mtedza bwino kuti usachite chuku. Nandolo amafuna kulondera mbuzi zikamasulidwa. Zotsalira zake musatenthe, kwirirani, chimanga cha chaka chamawa chidzadya pomwepo. Ngati m'munda muli msangu, usiyeni. Umayoyola masamba m'dzinja, ndiye suphimba chimanga, ndipo pansi pake pamakhala chonde.

Chiopsezo. Msika. Alimi a nandolo sanaiwale 2017, pamene India anachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mitengo kuno n'kugweratu. Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana za matani 50,000 pachaka, komabe wogula wamkulu akadali mmodzi. Mavenda a masikelo obera nawonso amadikira amene akugulitsa yekhayekha. Ndipo soya si nsima: mukagulitsa, gulani chimanga nthawi yomweyo chikadali chotsika mtengo, muchisunge m'matumba a PICS, osalowa mpweya, kuopa anankafumbwe.

Ndani atenge iti

Ngati dzina lanu latuluka, gulani, musagulitse kwa venda. Koma konzani munda ngati kuti silinatuluke: manyowa akhale m'mapando mvula isanagwe, kuti wa boma akachedwa chimanga chikhale chili ndi poyambira. Amfumu akati mugawane, pemphani kuti ogawanawo athire pa kamunda kochepa, kapena apangire Mbeya.

Ngati muli ndi ekala imodzi kapena kucheperapo, mulibe ziweto ndipo mumadalira ganyu, ngongole ikhale kutali nanu. Gawani munda pawiri, mbali ina chimanga chothira manyowa ndi feteleza wochepa amene mungakwanitse, mbali ina mtedza wosakaniza ndi nandolo kapena soya, chaka chamawa musinthanitse.

Ngati muli ndi mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, ndi anthu awiri atatu ogwira ntchito pakhomo, thumba limodzi la wokulitsa lopangira Mbeya ndi lina la wobereketsa lothira lokha zidzakufikitsani patali kuposa kudikira mndandanda.

Ngati muli ndi maekala atatu kapena kuposerapo, dimba lothirira kapena mbewu yogulitsa, ngongole ikhoza kukupindulirani, bola gulu lanu likhale la anthu amene mumawadziwa kabwezedwe kawo, ndipo tsiku lofika katundu lilembedwe. Kontirakiti ndi ya amene amaudziwa kale fodya ndipo ali ndi manja okwanira a anthu akuluakulu.

Agogo, olumala ndi ana amasiye olera anzawo, mayina awo ndi amene tonse tiyenera kuwamenyera pabwalo kuti alowe m'ndondomeko ya boma kapena mu Mtukula Pakhomo, ndipo achinyamata a mpingo kapena a pamudzi awathandize kututa manyowa.

Inu a m'tauni ndi a ku Joni, tumizani ya feteleza mu Julayi, osadikira foni ya mu Disembala yonena kuti chimanga chachita chikasu. Tumizani kwa munthu mmodzi wodalirika, akagule kusitolo yovomerezeka, akutumizireni chithunzi cha thumba ndi lisiti pa WhatsApp, ndipo muikepo yapadera ya ngolo yotutira manyowa.